Njerwa za M'chiperoni

Katchalitchi kathu sikaoneka mukamayenda pamsewu wopita ku Muloza. Muyenera kutsika kabaza pomwe yathera mizere ya tiyi, mulowe kanjira ka m'minda ya nandolo ndi chinangwa, muziyenda mpaka mutamva mtsinje. Mtsinjewo ndiwo malire. Kuno ndi Malawi, kutsidya ndi Mozambique, koma anthu ake ndife amodzi. Tinakwatirana, timaikirana maliro, ndipo Lamulungu timakhala pa mabenchi amodzi. Akutsidya amafika atakwinya zovala mpaka m'maondo, nsapato zili m'manja.

Anakayamba ndi agogo awo a amayi anga pamodzi ndi anzawo, Alomwe amene anawoloka mtsinje womwewu pothawa ntchito yokakamiza ya Apwitikizi. Kuno anapezanso thangata m'minda ya azungu, koma anati bola kuno. Atamva za Mulungu ankapita ku tchalitchi chachikulu cha kumsewu. Kumeneko ankakhala kumbuyo osamva kanthu, ndipo akati atsegule pakamwa, anthu ankatsinana n'kumaseka. Njala munthu amapirira, koma kusekedwa uli mkati mopemphera n'kowawa. Ndiye amuna anadula mitengo, akazi anamweta udzu, namanga chisakasa m'mbali mwa mtsinje kuti azilankhula ndi Mulungu m'chilankhulo chimene anayamwira.

Chisakasacho chinapsa ndi moto wa osaka mbewa. Anamanga china cha mitengo ndi matope, ndipo ine ndinabatizidwira m'menemo. Nthawi ya nkhondo ya kutsidya ndinali mtsikana. Anthu othawa anadzaza mkatimo mpaka mabenchi anasanduka mabedi, ndipo Lamulungu tinkayamba tapinda mphasa zawo tisanaimbe nyimbo. Nkhondo itatha ambiri anabwerera kwawo, koma kupemphera sanasiye kubwera kuno. Iwowo ndi amene anatithandiza kuumba zidina, njerwa zosawotcha zija, n'kumanga nyumba yachitatu yofolera malata. Tinkainyadira ngati tamanga nyumba yosanja.

Mpingo wathu uli pansi pa tchalitchi cha kumsewu chija, ndipo abusa amabwera mwa apo ndi apo kudzapereka mgonero. Nyimbo timaimba za Chichewa, ulaliki ndi wa Chichewa, poti ana athu Chilomwe amangochimvera patali. Koma pemphero lomaliza, lija timawerama tisanabalalike, limakhala la Chilomwe. Kuyambira pa chisakasa chija zimenezi sizinasinthe. Nkhalamba zathu ndi anthu akutsidya amapirira zina zonsezo podikira pemphero limeneli, pakuti ndi pokhapo pamene amamva liwu lililonse.

Chikhalireni ine, wopereka pempherolo anali amalume anga, alongo awo a amayi. Anali munthu wowonda ngati mpini wa khasu, mlonda wa pa esiteti wopuma ntchito, wokonda mkangano kuposa ndiwo. Ukati kwatentha, iwo ankati kwazizira. Ukawapatsa kalongonda, ankati sanapse, koma mbale n'kuibweza yoyera. Ndinkakangana nawo pafupifupi tsiku lililonse, ndipo ndinkawakonda kwambiri. Akaima kuti apemphere ankasanduka munthu wina, mawu ankatuluka pang'onopang'ono, ndipo ngakhale makanda ankakhala chete. Ine Chilomwe changa n'cha kukhitchini. Ndimatha kukalipira mwana, kunenerera nsomba pamsika wa ku Milange, ndi kumva anthu akamandinena. Kupemphera nacho ndinali ndisanayesepo.

Chaka chimene namondwe anagumula phiri n'kukokolola midzi, ife m'mudzi mwathu tinapulumuka, koma katchalitchi kathu kanagwada. Zidina zinamwa madzi kuchokera pansi, khoma la kumtsinje linakhala pansi, denga n'kutsatira. Tinatola malata ndi mabenchi, tinayamba kupemphera pansi pa mtengo wa mango.

Mvula itatha kunabwera mkulu wa mpingo wochokera kumsewu. Ndinene zoona, si munthu woipa. Ndi bambo waulemu, wolankhula motsitsa, ndipo pa nthawi ya namondwe anayenda pansi midzi yonse kupepesa anthu. Anatsamiritsa njinga pa mango paja, anazungulira mulu wa matope, kenako anakhala nafe pansi.

"Abale anga," anatero, "ife kumsewu takhala pansi ndipo taganizira. Malo kwathu kuja alipo ambiri. Bwanji muzingobwera kumeneko? Kumanganso pano n'kutaya mphamvu, madziwa adzabweranso."

Amalume sanadikire kuti amalize bwino. "Nanga awa akutsidyawa? Awoloke mtsinje, akwerenso chitunda chonsecho? Miyendo ya agogo awa mwaiona?"

"Kabaza alipo, bambo."

"Kabazayo amapemphera m'Chilomwe?"

Anthu anaseka, mkuluyo nayenso anamwetulira. Ine sindinaseke. Ndinaona kuti tikangoseka n'kubalalika, nkhani yathera pomwepo, ndipo zimene makolo athu anayamba zifera m'manja mwathu. Ndinaimirira.

"Bambo, tipatseni mpaka mvula yoyamba. Mukadzabwera n'kupeza tilibe denga, tidzakutsatirani tokha kumsewuko."

Mkuluyo anatembenukira kwa ine. "Mayi, mwalankhulira onse?"

"Ndalankhulira onse."

Panalibe amene ndinamufunsa, koma panalibenso amene anatsutsa. Tikufika kunyumba amuna anga anandifunsa ngati ndinaumbapo njerwa chibadwire. Ndinati ayi.

"Ndiye mwalonjeza podalira chiyani?"

"Pakamwa ndi panga, manja ndi anu."

Anapukusa mutu n'kunena kuti anakwatira mavuto. Komabe mmawa mwake anapita kukabwereka zikombole, pakuti ali mnyamata anagwirapo ntchito yothandiza amisiri omanga nyumba.

Tinagwirizana kuti ulendo uno tiumba njerwa zowotcha, zimene madzi sangazisungunule. Nanga nthawi? Ambiri mumpingo mwathu ndife othyola tiyi. M'dzinja tiyi sadikira munthu. Umachoka kusanache, umabwera manja atafa, ndipo ngakhale kusesa pakhomo kumakukanika. Ikafika nyengo yozizira tiyi amagona, ndipo esiteti imatipumitsa ife aganyu. Chilichonse chachikulu pamoyo wathu timachichita nthawi imeneyo, kaya ndi ukwati, kaya kumanga chimbudzi, kaya kukaona abale akutali. Choncho ntchito itangotha m'munda, tinayamba kuumba.

Masiku amenewo ndimawakumbukira mokondwa. Amuna ankakumba dothi lofiira pa chulu, ife akazi tinkatunga madzi kumtsinje n'kumaponda matope tikuimba. Akutsidya ankabwera ndi makaka a chinangwa ndi nandolo zoti tiziphika pomwepo. Pakati pawo panali msuweni wa amayi anga, amene tonse timawatchula azakhali a kutsidya. Ndi mayi wamfupi, wa mawu aakulu, ndipo Chichewa amadziwa "zikomo" ndi "ayi" basi, koma "ayi" ndiye amamugwiritsa ntchito kwambiri. Njerwa tinkaziyala pabwalo m'mizere yowongoka bwino, poti munthu wozolowera mizere ya tiyi chokhota chimamupweteka m'maso. Amalume ankakhala pa benchi n'kumatiuza kuti zonse tikulakwitsa. Pasanapite nthawi bwalo lonse linafiira, ndipo odutsa ankaima n'kumationerera.

Kenako kunabwera chiperoni. Kwa amene simunakhale kuno, chiperoni ndi kamvula kowaza ka m'nyengo yozizira. Kamatsika m'phiri pamodzi ndi nkhungu, sikagunda, sikang'anima, kamangonyowetsa mwakachetechete. Ife othyola tiyi chiperoni sitichiwerengera kuti ndi mvula. Mvula ndi ija ya Januwale, imene imakumenya pamsana dengu lili lodzaza mpaka osaona mnzako wa mzere wina. Chiperoni timachiseka. Timapita nacho kumsika opanda ambulera, ndipo timakondwa nacho chifukwa chimadzutsa tiyi n'kutibwezera ganyu. Mmawa umene chinayamba tinayang'ana kuphiri n'kunena kuti, "Aa, n'chiperoni ichi," ndipo aliyense anakhala kwawo kuwotha moto. Mwa anthu onse aja panalibe ndi mmodzi yemwe amene anaganiza zofunditsa njerwa. Amalume mpaka ananena kuti kachinyezi kameneka kathandiza kuti zisang'ambike.

Chiperonicho chinakhalitsa. Tsiku limene dzuwa linatuluka tinapita pabwalo paja ndi mtima woti tiyambe kusanja. Chapatali mizere inkaonekabe bwino. Titayandikira tinaona kuti njerwa zilibe ngodya, zangokhala timilu ta matope tosalala. Amuna anga anawerama kuti anyamule imodzi, ndipo inawatuluka m'zala ngati phala.

Bambo wina ananena motsitsa kuti mwina ichi n'chizindikiro, mwina Mulungu akutiuza kuti tizipita kumsewu. Ena anavomereza ndi mutu. Ine ndinalira, koma osati ndi chisoni. Ndinalira ndi mkwiyo. Ndinakwiyira phiri, ndinakwiyira bamboyo, ndinakwiyira tonse amene tinabadwira m'chiperoni n'kulephera kudziwa kuti chimanyowetsa dothi monga chimanyowetsera malaya.

"Chizindikiro cha chiyani?" ndinatero. "Mulungu watiuza kuti madzi ndi madzi, basi. Musamuike mawu m'kamwa."

Azakhali a kutsidya sanamve zimene tinkakangana, koma anaona nkhope zathu. Anafunsa m'Chilomwe ngati dothilo lathawa. Tinati ayi. Anati ndiye vuto n'chiyani, poti dothi lili pomwepo ndipo lafewa kale, sitivutikanso n'kutunga madzi ambiri. Anakwinya chitenje, analowa pakati pa mizere ija n'kuyamba kuponda. Ndinawatsatira. Ena analowa mmodzimmodzi, ndipo bambo wa chizindikiro uja anapita kukatenga fosholo.

Tsopano funso linali loti tifunditsa chiyani. Udzu wabwino unali utatha, poti aliyense ankafolera nyumba zimene namondwe anasasula. Mapepala a pulasitiki amene anthu analandira anali pamadenga pawo. Malata akale a katchalitchi anali ochepa. Mayi wina amene ndimathyola naye mzere umodzi ndiye anati, "Nanga maepuloni?" Wothyola tiyi aliyense ali ndi epuloni ya pulasitiki yokhuthala, imene amamanga kuyambira pachifuwa mpaka m'maondo kuti asanyowe ndi mame ndiponso kuti nthambi zisamukale. Tsiku lomwelo aliyense anabweretsa yake. Tinagwirizana kuti tiziumba njerwa zokwanira maepuloni amene alipo, zikauma tizisanja pansi pa malata akale aja, kenako tiumbe zina. Inali ntchito yochedwa, yotopetsa, ndipo kuimba kunachepa. Koma mulu wa pansi pa malata unayamba kukwera.

Chiperoni chija chinachitanso zake zina. Chinadzutsa tiyi. Uthenga unabwera kuchokera kwa kapitawo kuti masamba aphuka, aganyu tibwerere kumunda. Chaka china chilichonse uthenga wotere timaulandira ndi nthungululu. Ulendo uno tinakhala pansi pa mango paja tikuyang'anana. Kukana ntchito sitikanatha, ana amadya. Kuchotsa maepuloni pa njerwa zaziwisi kunali kubwereza uchitsiru womwe uja, ndipo nthawi youmbanso kachitatu panalibe.

"Ine yanga isala pompano," ndinatero. "Thupi langa si dothi, silisungunuka."

Sindinakakamize munthu. Koma mmawa mwake titafika kumunda, gulu lonse la kwathu linali ndi zitenje zokha. Kapitawo anatiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Azimayi inu, maepuloni ali kuti?"

"Ali ku tchalitchi, bambo."

"Onse?"

"Onse."

"Akukatani kumeneko?"

Tinamufotokozera. Anakanda m'mutu, anayang'ana nkhungu imene inkatsika m'phiri, kenako anati, "Mukadwala musadzanditchule." Tinalowa m'mizere.

Amene sanathyolepo tiyi sangadziwe kuti tchire lonyowa limazizira bwanji. Ukangolowa mumzere madzi onse a pamasamba amathera pa iwe. Chitenje chimamatirira pathupi, nthambi zimakukala m'ntchafu, mano amayamba kugundana, ndipo zala zimauma mpaka osamva tsamba limene wagwira. Ndinkafika kunyumba miyendo ili zipsera zokhazokha. Amuna anga ankandiikira madzi pamoto n'kumang'ung'udza kuti akazi a anzawo amadwala malungo, koma wawo amadwala tchalitchi. Sindinganame kuti sindinaganizepo zokatenga epuloni yanga. Ndinkaganiza zimenezo mmawa uliwonse, ndipo mmawa uliwonse ndinkadutsa pabwalo paja osaima.

Ife tikakhala kumunda, njerwa zinkasala ndi okalamba. Dzuwa likatuluka ankafundukula maepuloni kuti ziume, nkhungu ikayamba kutsika ankafunditsa. Amalume anabwerera pa ulonda wawo. Ankakhala pa benchi maso ali kuphiri, ndipo akaona kuti nsonga yabisika ankakuwa mpaka akutsidya kumva. Nkhalamba zinkathamanga mmene zingathere, wina ndi ndodo, wina atagwira msana, kuyala maepuloni ndi kutsindikiza miyala. Chiperoni chikagwa, amalume sankapita kunyumba. Ankati mphepo ingafundukule. Chifuwa chawo chinayambira pamenepo.

"Amalume, khalani kunyumba muziwotha moto," ndinawauza. "Tapeza wina woyang'anira."

"Ndani? Uja amagona ali chiimire? Iwe wathyola tiyi wopanda epuloni, ndiye ukufuna kundiphunzitsa ine kusamala thupi?"

"Ine si nkhalamba."

"Ndiye ukhala nkhalamba yovuta kwambiri."

Sanandimvere, ndipo ine ndinadziwa kale kuti sandimvera. Ndinawapititsira bulangeti langa ndi chipewa cha amuna anga.

Njerwa zitakwana tinamanga uvuni. Nkhuni zinativuta, mpaka kapitawo yemwe uja anatiuza kuti esiteti ikuzula tiyi wakale kumunda wina, ndipo anatipemphera chilolezo choti titute zitsa. Tinazisenza pamutu, ena pa njinga. Zitsa za tiyi zimayaka mwaukali. Uvuni utazizira amuna anga anasolola njerwa imodzi, yofiira bwino, anaigogoda ndi chikwanje ndipo inalira ngati chitsulo. Azakhali a kutsidya anailanda, anakaiponya mumtsinje, anaisiya m'madzi mpaka titamaliza kudya, kenako anakaivuula n'kutionetsa kuti ili bwinobwino. Tinavina pabwalopo ngati pali ukwati.

Maziko tinawasunthira kumtunda pang'ono, ndipo tinayamba ndi miyala ya mumtsinje kuti madzi asadzafikenso pa njerwa. Amuna anga ndi anzawo awiri ndiwo ankamanga, ife tikaweruka kumunda tinkawapatsira matope. Nthawi imeneyo amalume anali atagona. Tinapita nawo kuchipatala pa kabaza, anawapatsa mankhwala, anapezako bwino, kenako chifuwa chinabwerera mwamphamvu. Tsiku lililonse ndikapita kukawaona ankafunsa kuti khoma lafika pati. Ndikati lafika m'chiuno, ankati tikuchedwa. Ndikati lafika pamawindo, ankati tikuthamanga kwambiri, ligwa. Funso loti adzapemphera ndani iwo akapanda kudzuka linali pakamwa panga, koma sindinalitulutse. Kufunsa kukanakhala ngati kuwatsanzika, ndipo ine sindinkafuna.

Anamwalira khoma lisanafike pamwamba. Maliro anali aakulu, akutsidya anawoloka mudzi wonse, abusa anabwera kuchokera kumsewu ndipo anayendetsa mwambo bwino lomwe. Lamulungu lotsatira tinakumana pansi pa mango. Ulaliki utatha tinawerama mwachizolowezi, ndipo panangoti zii. Okalamba amene Chilomwe amachidziwa bwino anali asanaimepo pamaso pa anthu, ndipo aliyense ankadikira mnzake. Pomaliza bambo wina anatsokomola n'kutseka m'Chichewa. Sabata yotsatira zinateronso. Akutsidya anayamba kuchepa, osati mokwiya ayi, koma wina ankati mwendo, wina ankati alendo.

Ine ndinaika mtima wonse pa denga. Ndinkadziuza kuti tikangofolera, zina zonse zilongosoka. Malata akale tinawawongola ndi hamala, mabowo tinamata ndi phula, ndipo amene anaperewera anatipatsa ndi banja lina limene linasasula khitchini yawo. Kunja kunali kutatentha, mango atayamba kupsa, mitambo ikusonkhana pamwamba pa phiri madzulo aliwonse. Amuna anga anakhoma msomali womaliza, anatsika, anagona chagada pansi n'kunena kuti aliyense amene adzalonjezenso kanthu m'dzina lawo adzamange yekha. Mvula yoyamba inagwa sabata yomweyo, ndipo mkati simunadonthe.

Mkulu wa kumsewu uja anabwera Lamulungu lotsatira. Anazungulira nyumba yonse, anagogoda khoma, anayang'ana maziko, ndipo anatiyamikira kuchokera pansi pa mtima. Kenako anandiitanira pambali anthu akulowa.

"Mayi, ntchito mwagwira, sindinayembekezere. Koma ndiloleni ndifunse, musandimve molakwa. Munkati chokhalira kuno ndi pemphero la Chilomwe. Mwini wake tinaika m'manda. Ndamva kuti masiku ano mukutseka m'Chichewa ngati ife. Akuluakulu akakandifunsa kuti kusiyana kwake n'kotani, ndikayankhe chiyani?"

Ndinakwiya kwambiri, ndipo chimene chinandikwiyitsa n'choti ankanena zoona. Tinazizidwa, tinakalidwa ndi nthambi, tinaika amalume, ndipo tinamanga nyumba yabwino yoti tizichitiramo zomwe zija zimachitika kumsewu. Ndinangoti, "Tiyeni tilowe, bambo."

Mkati munkanunkha dothi lonyowa ndi phula. Mtsinje unali utadzaza ndi mvula ija, choncho akutsidya anabwera ochepa. Azakhali analipo, atakhala kumbuyo kwanga, chitenje chikudontha. Tinaimba, mkuluyo analalikira, ndipo sindikukumbuka liwu ndi limodzi lomwe la ulaliki wake. Atamaliza tinawerama. Ndinamva benchi ya amuna ikulira, ndipo ndinadziwa kuti bambo wotseka m'Chichewa uja akudzuka. Ndinamuyambirira kuimirira.

Ndinati, "Muluku," ndilo dzina la Mulungu m'Chilomwe. Kenako ndinayamba ndi mawu amene ndinali nawo, a kukhitchini omwe aja. Ndinalankhula naye ngati mmene umalankhulira ndi mnansi pokapempha mchere. Ndinamuuza kuti tabwera, kuti nyumba tamanga, kuti tatopa. Nditafika pamenepo mawu anandithera. Ndinaima pakamwa pali yasa, thukuta likutsika kumsana.

Kumbuyo kwanga azakhali ananena chiganizo chotsatira cha pemphero la amalume. Sananong'one, anachinena mokweza ngati akukalipira mbuzi. Ndinabwereza. Ndinapitirira pang'ono ndekha, ndinakakamiranso, ndipo mdala wina wa kumbali ya amuna anandipatsa mawu ena. Kenako mayi wina, kenako azakhali kachiwiri. Pena ndikatchula molakwa ankandibweza, ine n'kubwereza mpaka atakhutira. Palibe amene anaseka. Pemphero lija tinalimva moyo wathu wonse, ndipo aliyense anali atasungako kachigawo kake osadziwa.

Amalume ankamaliza potchula mayina a anthu amene anamanga malo ano n'kutisiya, kuyambira a chisakasa cha udzu chija. Apa sindinafune wondithandiza, poti ndi mayina a makolo athu ndipo ndinakula ndikuwamva. Ndinawatchula mmodzimmodzi mpaka pa dzina limene amalume ankathera. Ndinapuma, mtima unakhala pansi, ndinadikira kuti anthu avomere.

Panalibe amene anavomera. Ndinadikirabe. Ndinatsegula maso pang'ono ndipo ndinaona mitu yonse ili chiweramire, ngati pemphero silinathe. Pamenepo ndinazindikira amene ankamudikira. Kwathu mwana satchula dzina la amalume ake. Ndinakangana nawo zaka zonsezo, ndinawaphikira, ndinawadwazika, koma dzina lawo linali lisanatulukepo pakamwa panga.

Ndinagwira benchi ya kutsogolo kwanga ndi manja onse awiri, ndipo ndinalitchula. Tchalitchi chonse chinayankha kuti Ameni, ndi mkulu wa kumsewu yemwe.